Honda Prelude yatsopanoyi igulidwa, kapena anthu azingoiyamikira m'maso?

Kondwani: Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani ya Honda Prelude. Anasiya kuipanga mu 2001, ndiye patatha zaka 24 aibweretsanso. Anayamba aionetsa ku Japan Mobility Show ku Tokyo mu Okutobala 2023, kenaka n'kuyamba kuigulitsa ku Japan komweko mu Seputembala 2025 pa mtengo wa mayeni 6,179,800. Za maonekedwe sindikutsutsa ayi, galimoto ija aiumba bwino, makamaka kumbuyo kwake momwe denga latsetserekera. Vuto langa lili pansi pa boneti. Aikamo zomwe zili mu Civic ya hybrid: injini ya malita 2.0 ndi mamota awiri amagetsi, mphamvu yake 200 hp (horsepower, muyezo wa mphamvu ya injini), imakoka ndi matayala akutsogolo, ndipo ya manyuwo kulibe. Ku America mtengo ukuyambira pa madola 42,000. Ndiye ndikufunsa, atulutse ndalama zimenezi ndani? Ine ndikuona kuti igulidwa miyezi yoyambayi basi, kenaka izingokhala mu showroom. Ndimaikonda Honda, n'chifukwa chake zikundiwawa.

Yamikani: Achimwene mwalasa. Ingoikani mitengo pambali pa inzake muone. Toyota GR86 ili cha m'ma madola 30,000, mphamvu 228 hp, imakankha ndi matayala akumbuyo, giya ya manyuwo ilipo. Mustang ya EcoBoost ili ndi 315 hp ndipo ndi yotsika mtengo kuposa Prelude. Nissan Z ili ndi 400 hp pa ndalama pafupifupi zomwezo za Prelude. Ngakhale m'nyumba mwa Honda momwemo, ukangowonjezera pang'ono ukutenga Civic Type R ya 315 hp. Munthu wofuna liwiro sangadutse zonsezi n'kukaima pa 200 hp.

Che Jafali: Tisaiike m'manda isanadwale. A Honda analengeza okha kuti mwezi woyamba ku Japan analandira maoda pafupifupi 2,400, pomwe iwo ankayembekezera kugulitsa 300 pa mwezi. Kumeneko ndi kuchulukitsa kasanu n'katatu. Anthu amenewo sanaone mtengo?

Kondwani: Che Jafali, maoda a mwezi woyamba ali ngati mvula ya chizimalupsa, imazimitsa fumbi koma munthu sudzalira. Galimoto ya dzina lakale ikabwerera pamakhala gulu lomwe lakhala likudikira zaka zambiri, ndipo onsewo amathamangira tsiku limodzi. Akatha amenewo ndi pomwe timaona msika weniweni. Komanso taonani nambalayo: 300 pa mwezi ndi 3,600 pa chaka. N-BOX, galimoto yaing'ono ya Honda yomweyo, imagulidwa zoposa 200,000 pa chaka ku Japan. Chandamale ukachiika pafupi chonchi, kuchipyola si nkhani.

Che Jafali: Ndiye mwayankha nokha. Ngati eni ake anaika 300, ndiye kuti sanaipangire chigulu. Mukuiyeza ndi muyezo womwe si wake.

Bambo a Tiya: Ana anga, ndiloleni ndilowepo, poti ine ma Prelude akale ndawagwirapo ndi manja angawa pa galaja. Chomwe mukuiwala n'chakuti Prelude sinakhalepo galimoto yothamanga kuposa zonse pa nthawi yake. Yoyamba ya 1978 inali yofatsa kwambiri. Yomwe inatchuka ndi ya 1982 ndi ya 1987, za magetsi otukuka zija, ndipo ku Japan inkadziwika ngati galimoto yomwe mnyamata amakatengera chibwenzi chake. Anthu ankaigulira maonekedwe ndi luso lomwe Honda inkaikamo. Ya 1987 ija inabwera ndi chiwongolero chokhotetsa matayala onse anayi, popanda kompyuta, zitsulo zokhazokha. Ukakhotetsa pang'ono, akumbuyo amatsata komwe akutsogolo alowera. Ukakhotetsa kwambiri, monga poimika, amapita kwina kuti galimoto izungulire pamalo pochepa. Ndinagona pansi pake tsiku lina kuyang'ana shafuti yochoka kutsogolo kupita kumbuyo ija, ndipo mpaka lero ndimawalemekeza amene anaiganiza.

Za m'ma 1990 zija zinabwera ndi injini ya H22A ya VTEC (luso la Honda losintha katsegukidwe ka mavalavu injini ikakwera), malita 2.2, ndipo mphamvu yake inali cha m'ma 200 hp momwemo. Ndiye mukamati yatsopanoyi yanyozetsa dzina, ine ndikuona kuti yabwerera pa khalidwe lake: zitseko ziwiri, kukoka ndi kutsogolo, ndi luso latsopano la nthawi yake. Kale luso linali chiwongolero ndi VTEC, lero ndi hybrid.

Ndipo mnyamata uja wa 1987, amene ankaisirira kapena anali nayo, lero ali ndi zaka za m'ma 50 kapena 60. Ana anakula, ngongole ya nyumba inatha, bondo lakumanzere silifunanso klatchi. Ndalama ali nazo ndi ameneyo.

Yamikani: Bambo, ulemu wanu, koma mbiri yomweyo ikutiuzanso china. Nissan itatulutsa Silvia S13 mu 1988, yokankha ndi kumbuyo, achinyamata a ku Japan anathawira kumeneko ndipo Prelude sinabwererenso pa mpando wake. Pofika 2001 inali itasiya kugulidwa mokwanira, n'chifukwa chake anaitseka. Komanso 200 hp ya 1997 si 200 hp ya lero. Nthawi imeneyo inali nkhani, lero ma SUV a banja ambiri ali nayo.

Bambo a Tiya: Za Silvia ndi zoona, sindingakane.

Nachisale: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma apa ndiyankhulepo, chifukwa munthu amene mukumufunafuna kuti agule ndani uja mwina ndine. Ndimakhala ku Leeds, ndimayendetsa tsiku ndi tsiku kupita kuntchito, ndipo theka la ulendowo ndimakhala pa mzere wa magalimoto, kuyenda pang'ono kuima. Ya manyuwo ndinayendetsa zaka zambiri, pano sindiifunanso. Petulo kuno ndi wodula, inshuwalansi ya galimoto ya 300 hp ndi yodula, makamera a liwiro ali paliponse. Mphamvu ya 400 hp ndikaigwiritsira ntchito pa msewu uti? Chomwe ndimafuna ndi galimoto yoti ndikaiona m'mawa mtima usangalale, yokhota bwino ndikapita kumapiri a ku Yorkshire Dales Loweruka, koma yosandilanga pa pampu. Ana anga ndi akuluakulu, mipando yakumbuyo ndimaikapo chikwama basi.

Ndipo achimwene a Yamikani, mndandanda wanu uja ndi wa ku America. Kuno Nissan Z yatsopano sanaibweretse n'komwe chifukwa cha malamulo a utsi. Civic Type R akuichotsa pa msika wa ku Ulaya mu 2026, a Honda ananena okha. Audi TT inatha mu 2023. Munthu wofuna zitseko ziwiri pa ndalama zosafika za Porsche kapena BMW watsala ndi zochepa kwambiri.

Chinanso ndinene mosabisa. Anthu amene amakuwa kwambiri pa intaneti kuti tikufuna manyuwo, ambiri sagula galimoto yatsopano. Amadikira ya kaunjika. Kampani siingadye ndemanga.

Yamikani: Achemwali, mfundo yomalizayo yandikhudza chifukwa inenso ndimagula zogwiritsidwa kale ntchito kuno ku Johannesburg. Koma GR86 ndi MX-5 zikugulidwa zatsopano, ndipo ambiri amasankha manyuwo. Mazda inadutsa MX-5 miliyoni imodzi mu 2016, chiyambire 1989. Ndiye anthu otere alipo, ndipo amalipira.

Gift: Pepani akuluakulu, ine ndine wamng'ono pa nkhanizi. Ndikumva za S+ Shift, ena akuti ndi magiya abodza. Kwenikweni chimachitika n'chiyani? Ili ndi giyabokosi kapena ilibe?

Bambo a Tiya: Gift mwana wanga, funso labwino. Giyabokosi monga umaidziwira mulibe. Nthawi zambiri chomwe chimazunguza matayala ndi mota yamagetsi. Injini ya petulo ntchito yake yaikulu ndi kuzunguza mota inayo, yomwe imapanga magetsi opita ku mota yoyendetsa ndi ku batire. Ukafika pa msewu waukulu pa liwiro lokhazikika, pali klatchi yomwe imalumikiza injini ndi matayala mwachindunji, pa giya imodzi yokha, chifukwa pamenepo ndi pomwe petulo amayenda bwino osadutsa ku magetsi. Anthu amaitchula e-CVT koma mulibe lamba ngati CVT ya mu Fit yakale yomwe imativutitsa ija.

Tsono vuto la dongosolo limeneli ndi khutu. Ukaponda, injini imalira mosagwirizana ndi liwiro, ndipo woyendetsa samva kuti akulamulira. S+ Shift ndi kompyuta yomwe imakweza ndi kutsitsa kulira kwa injini ngati kuti pali magiya 8, n'kumadula mphamvu ya mota pang'ono pa kusintha kulikonse kuti umve kakugwedeza kaja. Uli ndi timapadulo kuseri kwa chiwongolero, ukakoka kakumanzere polowa pakona injini imakwera ngati watsitsa giya. Injiniyo ikulira zenizeni, koma magiyawo ndi a mu kompyuta.

Gift: Zikomo bambo, tsopano ndamva. Ndiye kuika manyuwo sikungatheke?

Bambo a Tiya: Pa dongosolo limeneli ayi. Palibe poilowetsa, poti matayala akumvera mota. Angafunike kuchotsa zonse n'kuikamo injini ina.

Yamikani: Ndipo apa ndi pomwe mtima wanga umakana. Honda yomweyi inapangapo hybrid ya manyuwo yeniyeni, CR-Z ya 2010, magiya 6, klatchi ya phazi. Inapambana mpaka mphoto ya galimoto ya chaka ku Japan. Dongosolo lake linali lina, mota yaing'ono yomata pa injini kumangothandizira, n'chifukwa chake zinatheka. Koma inatha mu 2016 chifukwa anthu anati siyothamanga mokwanira kukhala sports car, komanso siyosunga mafuta ngati Prius. Inagwera pakati. Prelude ndikuiona ikulowera dzenje lomwelo, ndipo ulendo uno ndi mtengo wokwera.

Nachisale: CR-Z mphamvu yake sinkafika ngakhale 140 hp, ndipo pansi pake panali pa galimoto yaing'ono wamba. Prelude aipatsa miyendo ya Civic Type R: sasipenshoni yakutsogolo ija yoletsa chiwongolero kulimbana nawe ukaponda, mabuleki a Brembo, mashoko osintha kulimba. Ndipo mota yamagetsi imapereka mphamvu yozunguzira matayala ya 315 Nm pomwe wangoponda, osadikira injini ikwere. M'tauni ndi m'makona zimenezi zimamveka kuposa nambala ya hp. Ku America aiyeza kuti imayenda mamailo 44 pa galoni imodzi ya petulo. Ndiuzeni ina ya zitseko ziwiri yokhota chonchi yomwe imamwa mafuta ochepa chotere.

Yamikani: Palibe, ndikuvomera. Koma Civic ya hybrid ili ndi injini yomweyo, imamwa mafuta ochepa kuposa pamenepo, zitseko zinayi, ndipo yodzadza zonse ndi yotsika ndi madola pafupifupi 10,000. Wogula wanzeru akalowa mu showroom aona ziwirizi zitaimikidwa pamodzi.

Nachisale: Wogula zitseko ziwiri sanayambe wagulapo ndi nzeru zokha, achimwene. Akanakhala otero bwenzi tonse tili mu Corolla.

Thoko: Ine ndiyang'ane msika wonse, osati galimoto imodzi. Honda yomweyi inasiya Accord ya zitseko ziwiri itatha 2017, n'kusiyanso Civic ya zitseko ziwiri itatha 2020, chifukwa ogula anachepa. Chevrolet Camaro inatha, Dodge Challenger inatha kumapeto kwa 2023, TT mwaitchula kale, ndipo Toyota ikutseka Supra ya panoyi mu 2026. Anthu anasamukira ku ma SUV ndipo sakubwerera. Izi ungaziwerenge pawiri. Ukhoza kunena kuti msika unafa, Honda yafika pamaliro. Ukhozanso kunena kuti opikisana nawo achoka, ndiye ochepa otsalawo alibe kwina kolowera. Ine ndili ku mbali yachiwiriyi, koma pang'ono pokha, chifukwa otsalawo ndi ochepadi.

Chomwe chikundipatsa chikhulupiriro ndi momwe aipangira. Injini ndi mamota ndi za Civic, pansi ndi pa Civic, miyendo ndi ya Type R, ngakhale zambiri za pa dashibodi ndi zofanana. Ndalama zazikulu zopangira zinthu zimenezi zinalipidwa kale ndi ma Civic mazanamazana. Chatsopano kwenikweni ndi thupi ndi S+ Shift. Ndiye safunika kugulitsa zambiri kuti abweze ndalama zawo. Toyota inachita kugawana ndi BMW kuti Supra itheke, n'kugawananso ndi Subaru pa GR86. Honda yagawana ndi Civic yake yomwe.

Kondwani: A Thoko, mfundo imeneyo ndi yolemera, koma ikundikwiyitsanso. Ngati zambiri anatenga pa shelefu, mtengo wakwereranji chonchi? Akanaiika pa 35,000 bwenzi ine ndili chete.

Thoko: Zifukwa zilipo. Imapangidwa ku Japan, ndipo galimoto zochoka ku Japan kulowa ku America zikulipira msonkho wa 15 peresenti kuchokera pa mgwirizano wa 2025, pomwe kale unali 2.5. Civic ya hybrid yogulitsidwa kumeneko amaipangira ku North America komweko. Chachiwiri, abweretsa mtundu umodzi wokha wokhala ndi zonse, palibe yotsika yoti munthu ayambirepo. Chachitatu, ukadziwa kuti upanga zochepa, umafuna phindu lalikulu pa iliyonse. Sindikuti ndi mtengo wabwino, ndikungoti sanaulote.

Kondwani: Wogula safunsa za msonkho, amaona chomwe chalembedwa pa galasi.

Gift: Nanga kwathu ku Malawi kuno tidzaiona? Chiwongolero chili kumanja kale, ndipo ma hybrid anthu awazolowera, ma Aqua ndi ma Fit ali mbwee. Ndi mizere ya mafuta yomwe timaima ija, galimoto yokongola yosamwa petulo ikhoza kukondedwa.

Che Jafali: Idzafika, koma osati posachedwa, ndipo idzakhala imodziimodzi. Ku Japan galimoto yatsopano imapita koyezedwa koyamba ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo pa nthawi zimenezo ndi pomwe ambiri amagulitsa n'kugula ina. Ndiye zoyamba kuoneka pa okushoni mochulukirapo ndi cha m'ma 2028. Koma kumbukirani kuti ife timagula zomwe zinagulidwa zambiri kumeneko, chifukwa ndi zomwe zimatsika mtengo. Aqua ndi yotchipa poti anapanga zochuluka zedi. Galimoto ya 300 pa mwezi siitsika msanga, ndipo ogula a ku UK, Australia ndi New Zealand adzakhala akuilimbirana pa okushoni yomweyo ali ndi ndalama zamphamvu. Uwonjezere sitima mpaka ku Dar es Salaam, ulendo wodzera pa Songwe, msonkho wa injini ya malita 2.0, ndi kusowa kwa madola. Makasitomala anga ambiri amafunsa Sienta, Mira ndi Vitz. Wofunsa zitseko ziwiri amabwera mwa apo ndi apo.

Bambo a Tiya: Ndipo akaibweretsa aganizire matayala. Marimu ake ndi a mainchesi 19, tayala lopyapyala, galimoto yotsika. Dzenje limodzi la pa M1 nthawi ya dzinja likhoza kupinda rimu. Za injini sindikuda nazo nkhawa, poti zidzafanana ndi za Civic. Chodetsa nkhawa ndi galasi lakumbuyo, magetsi ndi mabampa, zomwe sizikwana kuchokera ku galimoto ina iliyonse.

Kondwani: Tabwererani ku funso lija akuluakulu, poti kwathu kuno sikomwe kudzagamule. Ndamva zonse ndipo pomwe ndaima ndi apa. Ku Japan ichita bwino pa muyezo wawo, chifukwa madoda a nthawi ya 1987 aja alipo ndipo misewu yawo siyofuna 400 hp. Ku Ulaya ipeza anthu ngati achemwali a Nachisale, koma ndi owerengeka. Ku America, komwe Prelude yakale inkagulidwa kwambiri, ndi komwe ndikuona mavuto, chifukwa kumeneko petulo ndi wotchipa, Mustang ndi GR86 zili pakhomo, ndipo anthu amagula nambala. Ndipo chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: galimoto yodalira anthu okumbukira unyamata wawo ilibe mawa. Aliyense wa iwo agula imodzi basi. Wachinyamata wa zaka 28 amene akanaikonda kwa zaka makumi atatu zikubwerazi sangaikwanitse.

Che Jafali: Wachinyamata ameneyo adzaigula ya kaunjika, monga momwe ambiri anadziwira Prelude yakale.

Kondwani: Koma zimenezo sizilowa m'mabuku a Honda. Amene adzagamule zoti kukhale ina pambuyo pa iyi adzayang'ana zatsopano zomwe zatuluka mu showroom chaka chachiwiri ndi chachitatu.

Thoko: Adzayang'ananso china. S+ Shift akuiyesera pa Prelude koma ananena kuti ipita ku ma hybrid awo ena. Ngati anthu aikonda n'kuyamba kuifuna mu Civic, Prelude yagwira ntchito yake ngakhale itagulidwa zochepa. Ndi momwe ankachitira kale, luso limayambira pa Prelude.

Yamikani: Ine chingandisinthe maganizo ndi chimodzi: atulutse ina ya injini ya turbo ya Type R ndi manyuwo. Miyendo ilipo kale, thupi lilipo. Tsiku limenelo ndidzayamba kusunga ndalama.

Nachisale: Imeneyo ku Ulaya siingaloledwe, pa chifukwa chomwecho chomwe akuchotsera Type R. Ndiye mudzakhala mukupempha galimoto ya misika iwiri kapena itatu yokha. Ine ndikupita kukaiyesa ikangopezeka kwa ogulitsa apafupi, ndipo ndikaiyendetsa pa msewu wa makona, osati kuzungulira tauni kokha. Ngati S+ Shift ikamveka ngati choseweretsa ndidzakuuzani mosabisa. Pali choti ndikakuonereni?

Gift: Mukaone ngati munthu wamkulu angakwane kumbuyo, achemwali, ndi kukula kwa buti mipando ikapindidwa.

Bambo a Tiya: Mayi, mukaiyese kawiri pa msewu umodzi womwewo, koyamba S+ Shift ili yozimitsa, kachiwiri ili yoyatsa, wailesi mutatseka. Mukamvetsere ngati kulira kwa injini kukugwirizana ndi phazi lanu potuluka pakona. Mukafunsenso mtengo wa tayala limodzi ndi zaka zomwe akutsimikizira batire, mudzatilembere pano.